Mipira ya Khrisimasi ya nsalu zopinda, yosafuna kusoka

Novembala akamatha, matelala a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare amakhala ali kalikiliki ndi madiresi a zikondwerero, ndipo pansi pa makina awo pamadzaza tizidutswa ta nsalu. Tizidutswa timeneti n'tokwanira kupangira mipira yopachika pamtengo wa Khrisimasi, ija imaoneka ngati nyenyezi uku ndi uku. Sipafunika singano kapena makina. Pamafunika simbi, mapini ndi rula, ndipo pa zitatuzi simbi ndiyo imakonza kapena kuwononga ntchito yonse.

Pa mpira umodzi pezani mpira wa masentimita 7.5 wa kaylite (choyera chopepuka chija chimene amatetezera nacho firiji m'katoni), mapini ang'onoang'ono a mutu wophwatalala pafupifupi 220, riboni wa masentimita 2 m'lifupi ndi 26 m'litali, ndi nsalu zamitundu itatu. Dulani tizidutswa tofanana mbali zonse, masentimita 6.5: mtundu woyamba 10, wachiwiri 16, wachitatu 16. Chitenje, chimene anzathu achishona amachitcha zambia, chimakhala pafupifupi masentimita 115 m'lifupi, choncho mzere umodzi wodula modutsa umakupatsani tizidutswa 17. Mizere itatu yokha, mpira watheka.

Nsalu ikhale yathonje komanso yopyapyala. Poliyesitala sagwira mpindo: mumasita, mukangochotsa simbi n'kutambasukanso. Satini, nsalu yoterera ya ukwati ija, imayoyoka ulusi musanafike n'komwe pa mzere wachiwiri, ndiye musavutike nayo. Chitenje cha maluwa akuluakulu nachonso chimakhumudwitsa, chifukwa chimene chimaoneka pampira ndi kansonga ka sentimita imodzi yokha, duwalo silioneka. Ine ndimalimbikitsa chitenje chimodzi cha timadontho kapena timizere ting'onoting'ono, ndipo ziwiri zinazo zikhale zamtundu umodzi, ina yowala ina yoderako. Malaya akale athonje a m'mabelo a kaunjika amagwira ntchito bwino kwambiri. Nsalu yatsopano muichape kaye. Chitenje china chimasuluka, ndipo chofiira chikakhudzana ndi choyera m'chinyezi cha Disembala chimasiya banga.

Musanadule, thirani sitachi. Sungunulani supuni imodzi yaikulu ya ufa wosalala wa cornflour m'makapu awiri a madzi, muwaze pansalu, muisite ikadali yonyowa pang'ono. Magetsi akazima simbi yamakala imakwana, bola muyale kansalu koyera pamwamba kuti phulusa lisadetse. Mukadula, pindani kachidutswa kalikonse pakati, mbali yokongola ili kunja, musite. Kenako tengani makona awiri a kumpindoko, muwatsitsire pakati pa m'munsi kuti pakhale makona atatu, musitenso. Posita muzingotsindika simbi n'kuinyamula. Mukaikhwekhwereza nsalu imatamuka ndipo nsonga imapotoka. Sitani tonse 40 musanagwire mpira. Tiwiri totsalato tisapindidwe.

Tsopano mpira uja. Yambiri imakhala ndi kamzere kozungulira pakati pochokera kufakitale, ndiye kamene kakutsogolereni. Pezani pakati penipeni pa mbali iliyonse, muike kadontho. Kuchokera pa kadontho kufika pa kamzereko pakhale pafupifupi masentimita 6 mbali zonse. Yalani kachidutswa kosapinda kaja pa kadonthopo, mukakhomere ndi mapini anayi m'makona. Ntchito yake n'kubisa kuyera kwa kaylite.

Mzere woyamba ndi wa tizidutswa tinayi, ndipo apa mpofunika kudekha. Tambasulani kachidutswa, mulowetse pini kuchokera kumbali yam'kati pamene pali nsonga, mubaye pafupi kwambiri ndi kadontho. Pindaninso motsata mipindo ya simbi ija, pini ibisike m'kati. Khomerani mapini awiri pansi pamene makona akumana, ena awiri kumapeto. Kachiwiri kakhale moyang'anizana ndi koyamba, osati pambali pake, kenako tiwiri totsalato. Nsonga zinayi zikumane, ndipo timing'alu tapakati tipange mtanda woongoka. Ukakhota apa, zulani mapini muyambirenso pompo. Kupotoka kwa mamilimita awiri pa mzere woyamba kumakula pa mzere uliwonse, ndipo pomaliza nyenyezi imaoneka yopendekeka.

Mzere wachiwiri ndi tizidutswa 8. Nsonga iliyonse ikhale masentimita 1.2 kuchokera pa kadontho. Musamayeze ndi maso. Dulani kakatoni ka muyezo umenewu muzikagwiritsa ntchito nthawi zonse. Tinayi toyamba tigone pa mtanda uja, tinayi tinato pakati pake, pamwamba pa toyambato. Mzere wachitatu chimodzimodzi, koma pa masentimita 2.5. Mukatembenuza mpira kuti muchite zomwezo mbali inayo, onetsetsani kuti mtanda wa mbali yachiwiri walunjika ndi wa mbali yoyamba. Kumangira ulusi kuzungulira mpira kumathandiza.

Pakati pamene mbali ziwiri zakumana pamakhala nsalu yodzadzana. Dulani yotsalayo ndi sizasi yaing'ono kuti pasatupe, muzungulize riboni, mupinde nsonga yake m'kati, mukhome. Chopachikira ndi kariboni kena ka masentimita 20 kopinda pawiri. Mapini ake muwaviike kaye mu guluu woyera wa matabwa, chifukwa kulemera konse kuli pamenepo. Guluu wa nsapato ndi wina aliyense wa fungo lamphamvu amasungunula kaylite n'kusiya dzenje.

Mapini akamazuka okha, ndiye kuti mwabaya malo amodzi kangapo mpaka kaylite wafumbutuka, kapena mwawabaya mowongoka kwambiri. Apendekeni pang'ono, aloze kumene nsalu ikukokera. Chala chachikulu chimapweteka mukafika pa mapini 100, choncho valani chisoti cha telala kapena muzikankha ndi kumbuyo kwa supuni.

Mipira ya kaylite ikasowa m'mashopu a zosokera m'tauni, dulani chozungulira cha masentimita 10 pa kaylite wochokera m'katoni ya firiji kapena wailesi yakanema. Mupeza nyenyezi yophwatalala, ndipo kapindidwe kake n'komweko. Mpeni ukhale wakuthwa, wobuntha umangonyenya.

M'nyumba ya ana okwawa, mipirayi ipachikeni pamwamba, poti muli mapini ambirimbiri. Khrisimasi kuno imagwa pakati pa dzinja, ndipo mapini wamba achitsulo amachita dzimbiri n'kudetsa nsalu yoyera. Ngati alipo osachita dzimbiri, gulani amenewo. Mu Januwale pomasula mtengo, siyani mipira pamalo opita mphepo tsiku lathunthu, muikulunge umodziumodzi m'pepala loyera, muisunge m'katoni pamwamba pa wodilopu. M'jumbo yapulasitiki imachita nkhungu.