Kuganiza ndi kusaganiza mu ring'i: zomwe nkhonya ikundiphunzitsa

Aliyense amene wayamba kumene kuphunzira nkhonya amauzidwa kuti, "Usamaganize, ingoponya." Pakapita nthawi, pakamwa pomwepo pamatulukanso mawu ena: "Ukumenya ngati ulibe mutu." Ine ndimaphunzira masewerawa madzulo ndikaweruka, pa kajimu kena ku Kawale, ndipo malangizo awiriwa akhala akundizunguza. Pano ndikulemba momwe ndikuwamvera tsopano, nditayesa ndi thupi komanso nditawerengako pang'ono.

Anthu amakonda kunena kuti katswiri amamenya mwachibadwa. Ine ndikukana. Chibadwa chenicheni timachiona tsiku loyamba munthu kuvala magolovesi. Chibakera chikamabwera amatsinzina, amatembenuza nkhope, amabwerera m'mbuyo molunjika chibwano chili m'mwamba, mpweya nkuugwira. Zimenezi n'zothandiza mwala ukakulumphira kumaso panjira, koma mu ring'i ndi zomwe zimakugwetsa, chifukwa chibakera chomwe sunachione ndicho chimapweteka koposa. Ntchito yoyamba ya a Kochi athu kwa wobwera kumene ndi kuzula chibadwa chimenechi. Amakugunda pamphumi mopepuka ndi padi, kakhushoni kovala m'manja pophunzitsa, mobwerezabwereza, uku akukalipa: "Tsegula maso, iwe! Ukutsinzinira ndani?"

Koma ndiye m'malo mwake mulowe chiyani? Kuganiza sikungakwanitse, ndipo vuto lake ndi nthawi. Munthu wamba amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi kuti aone chinthu nkusuntha, ndipo akafunika kusankha pakati pa zochita zingapo nthawiyo imatalikirapo. Jabu, chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo, ikaponyedwa pafupi sidikira zimenezo. Ukati uone gulovu, uzindikire kuti ndi jabu, usankhe kuzinda kumanja kapena kutchinga, mphuno yatentha kale. N'chifukwa chake ozolowera sayang'ana gulovu. Maso amaika cha pachifuwa cha mnzawo, pomwe amatha kuona phewa likayamba kutsika, phazi likaponda, chiuno chikapotoka. Thupi limaulula chibakera chisananyamuke, ndipo thupi lako, ngati linaona chizindikirocho kambirimbiri, limayankha lokha.

Mu 1967 akatswiri awiri a zamaganizo, Paul Fitts ndi Michael Posner, anafotokoza kuti luso la thupi limadutsa magawo atatu. Poyamba umaganizira chilichonse: phazi apa, chigongono mkati, chibwano pansi. Kenaka zidutswazo zimayamba kulumikizana ndipo zolakwika zimachepa. Pomaliza luso limayenda lokha, mutu uli pa zina. Ndikaona motere, chomwe owonerera amachitcha chibadwa ndi maganizo omwe anaganizidwa kalekale, pa thumba ndi pa mapadi, mpaka anakhazikika m'minofu. Cus D'Amato, amene anaphunzitsa Mike Tyson, ankapatsa zibakera manambala. Akatchula manambala angapo motsatizana, mnyamatayo ankaponya osaima kuti amasulire. Tyson anatenga lamba wa dziko lonse wa olemera kwambiri mu 1986 ali ndi zaka 20, ndipo ambiri ankangoona ukali. Zaka zomwe anatha akubwereza manambala aja sankaziona.

Palinso kafukufuku wa Sian Beilock ndi anzake yemwe anandisangalatsa, ngakhale ndi wa mpira wamiyendo. Osewera ozolowera atauzidwa kuti aziganizira mbali ya phazi yomwe ikukhudza mpira pothamanga nawo, liwiro lawo linatsika. Oyamba kumene, kuganizira phaziko kunkawathandiza. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti malangizo awiri aja satsutsana. Amangofunika nthawi zosiyana. Pagalasi, pochita nkhonya ya mthunzi (kuponya zibakera m'malere uli wekha) pang'onopang'ono, ganizira chigongono chako mmene ungathere. Belu likalira uli ndi mnzako kutsogolo, chigongonocho chisiye chidzisamalire.

Chikanakhala chokhachi, bwenzi nkhonya ili mpikisano wongoona amene anabwereza kwambiri. Chomwe chimasokoneza nkhani ndi chakuti chizolowezi chimawerengeka. Ngati nthawi zonse jabu ikabwera umazindira kumanja, wochenjera amaona kawiri kokha. Kachitatu amangogwedeza phewa ngati akuponya, thupi lako lophunzira bwino lija limathamangira kumanja, nkukumana ndi chibakera chomwe chinali kukudikira komweko. Luso lomwe unalivutikira ndi lomwe lakupereka. Ndiye mutu uli ndi ntchito ndithu, kungoti ntchito yake si kuyendetsa manja ako ayi. Ndi kumuwerenga mnzakoyo: akaponya dzanja lamanja amabweza bwanji, akatopa amatsitsa liti, ukamupanikiza pakona amathawira mbali iti. Komanso kudzifunsa kuti iyeyo waona chiyani pa iwe. Zili ngati wakabaza pa Depoti nthawi yoweruka: miyendo ikupalasa yokha, maso ndi mutu zili pa minibasi yomwe ingakhote osapereka chizindikiro.

Chitsanzo chomwe ndimachionera mobwereza pafoni, bandulo ikalola, ndi nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman ku Kinshasa pa 30 October 1974. Aliyense ankayembekezera kuti Ali azivina mozungulira ring'i monga mwa masiku onse. Raundi yachiwiri anasintha, nkukatsamira pazingwe, kumusiya Foreman aziponya mpaka mphamvu zimuthere, anthu a pakona pake akumukuwira kuti achokepo. Ali anamugwetsa Foreman mu raundi yachisanu ndi chitatu. Kusankha kutsamira pazingwe kunali kuganiza kwenikweni, kwa munthu amene waona kuti ndondomeko yoyamba imutopetsa iye msanga kuposa mdani wake. Koma kupulumuka pazingwepo, kuweramira m'mbuyo pang'ono chabe, kutchinga nthiti ndi zigongono, kumugwira pakhosi nthawi yoyenera, sizikanatheka ndi kuganiza chibakera chilichonse pachokha.

Wathu Isaac Chilemba anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Chilemba anagwa mu raundi yachisanu ndi chiwiri, anadzuka, namaliza maraundi onse 12, ngakhale anagonja pa mapointi. Munthu akangodzuka kumene pansi mutu sukhala bwinobwino, ndipo chomwe chimamusunga mpaka belu lilire ndi mapazi ndi manja omwe akudziwa okha kochita. Mphindi imodzi yopuma pakona ndiyo imabwezera mpata woganiza, ndipo kochi wanzeru sanena zinthu khumi pamenepo. Amanena chimodzi, mwina ziwiri.

Ndatengera zomwezo pa sparing'i, nkhonya yoyeserera ndi mnzako mujimu. Ndisanalowe raundi ndimasankha funso limodzi lokha, monga lakuti dzanja lake lamanzere limapita kuti akamaliza jabu, ndipo zina zonse ndimazisiyira thupi. Zikuthandiza, koma pali vuto lomwe tili nalo m'majimu ang'onoang'ono kuno ku Lilongwe: timamenyana ndi anthu omwewomwewo sabata ndi sabata. Umayamba kuzinda bwino nkumadziona ngati maso ako akuthwa, pomwe wangowaloweza anzakowo. Posachedwapa kunabwera mnyamata wamanzere wochokera ku Area 25, wotsogoza phazi lamanja. Tonse tinaoneka ngati tayamba dzulo. Jabu yake imachokera mbali yomwe thupi silinazolowere, mapazi akutsogolo akumapondana, ndipo mutu umabwerera pa gawo loyamba lija, kuganizira poponda. A Kochi amupempha kuti azibwera Loweruka lililonse, ndipo atiuza kuti mwezi uno tizingophunzira kuika phazi lamanzere kunja kwa phazi lake.