Kusiyana kwa nyimbo ya pasiwa ndi nyimbo ya m'makutu

Anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu wachisoni ayenera kumvera nyimbo zansangala kuti aiwale zimene zamugwera, koma aliyense amene anachezerapo pamaliro kuno ku Lilongwe, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena kumudzi cha ku Mitundu, akudziwa kuti sizikhala choncho. Amayi a Mvano kapena a kwaya akafika pasiwa amayamba ndi nyimbo yodekha, yokokera mawu, ndipo namfedwa amene anali atatonthola amayambiranso kulira. Palibe amene amawaletsa kuyimbako poopa kuti akuwonjezera chisoni. Nyimbo zingapo zikadutsa, kulira kuja kumazizira, mayi uja amatsamira mnzake, nthawi zina mpaka kugona tulo timene wakhala akulephera kugona chiyambire matenda. Usiku ukamapita nyimbo zimafulumira, m'manja mumayamba kuwombedwa, ndipo abambo amene akuwotha moto panja amayamba kuyankhira ndi mawu awo a besi.

Zimene zimachitika pamenepo zimayambira m'thupi maganizo asanalowererepo. Munthu akamayimba sapuma mmene afunira, amadikira kuti mzere uthe, ndipo mpweya umatuluka pang'onopang'ono, zimene zimachititsa kuti mtima ubweze liwiro lake. Mu 2013 ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anayeza kugunda kwa mitima ya achinyamata oyimba pamodzi, ndipo anapeza kuti mitimayo inkafulumira ndi kubwerera m'mbuyo nthawi imodzi, chifukwa onse ankapuma pamalo amodzi m'nyimboyo. Ndiye kuti tikamanena pamaliro kuti tili nanu limodzi, pakuyimba paja mawuwa amakhala oona ngakhale m'mitsempha.

Ubongo nawo uli ndi gawo lake. Mu 2011 asayansi a pa yunivesite ya McGill ku Montreal anaonetsa kuti munthu akamamvera nyimbo imene imamuchititsa tsemwe, ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala a m'thupi okhudzana ndi chisangalalo, amene amatulukanso tikamadya chakudya chokoma. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa kafukufukuyu n'chakuti dopamine amayamba kutuluka malo okoma a nyimbo asanafike, pamene munthu akungowayembekezera. Ichi n'chifukwa chake nyimbo imene tikuidziwa kale imatigwira mtima kuposa yatsopano, ngakhale yatsopanoyo itapekedwa mwaluso chotani. Nyimbo imamatiriranso ku nthawi imene tinaimva, moti okalamba ena amene matenda a ubongo awaiwalitsa mayina a ana awo amatha kuyimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza osaphonya.

Makolo athu sanadikire makina oyezera ubongo kuti adziwe izi. Amayi ankayimba pamtondo zodandaula za m'banja zimene sakanatha kuzinena pamaso pa apongozi, ndipo kumpoto Atumbuka akhala akugwiritsa ntchito ng'oma ndi nyimbo za Vimbuza pothandiza anthu ovutika mumtima ndi m'maganizo, gule amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. M'zonsezi wodandaulayo sakhala yekha, pamakhala wotsogolera ndi ovomera.

Apa ndi pamene ndimaona kusiyana ndi mmene ambiri a ife tikumverera nyimbo masiku ano. Mukakwera minibasi yochokera ku depoti madzulo, mupeza achinyamata angapo atatseka makutu ndi mahedifoni, aliyense ali m'dziko lakelake, moti kondakitala amachita kuwagwira paphewa kuti alipire. Sindikuona cholakwa pa zimenezi, pakuti ulendo wa mumzinda uno ndi wotopetsa ndipo nyimbo imaufupikitsa. Nkhawa yanga ili pa munthu amene chibwenzi chatha kapena ntchito yamuthera, nadzitsekera m'chipinda ndi nyimbo imodzi yachisoni imene akuibwereza usiku wonse. Kwa anthu ambiri nyimbo yotere imatonthoza, chifukwa amamva ngati wina wamvetsa zimene akudutsamo. Koma kwa munthu amene ali kale ndi chizolowezi chomangosinkhasinkha za mavuto ake, kubwerezako kukhoza kumuzamitsa m'maganizo omwewo. Pasiwa pamakhala mayi wina amene amaona kuti kulira kwakwana n'kuyambitsa nyimbo ina yopatsa chiyembekezo, pamene foni imangopitiriza kupereka zofanana ndi zimene mwasankha kale. N'chifukwa chake ndimaona kuti munthu ayenera kumadzifunsa mmene akumvera nyimbo ikatha, osati pamene ikulira pokha, ndipo ngati kulemera kwa mumtima kukupitirira kwa milungu, nyimbo singalowe m'malo mwa m'bale womvetsera kapena wachipatala.

Palinso nkhani ya phokoso, imene timaichepetsa kwambiri. Nyimbo yomweyo imene imatsitsimula munthu akaisankha yekha imasanduka chizunzo akaikakamizidwa, monga zimakhalira pamene malo omwera mowa oyandikana ndi nyumba za anthu akuliza zokuzira mawu mpaka mbandakucha, mwana wasukulu akulephera kuwerenga ndipo wodwala akulephera kugona. Ovala mahedifoni nawo amakweza mawu kuti apose phokoso la injini ndi la oyitanira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kotere, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa mlungu akumvera mawu a madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Timaselo ta mkati mwa khutu timene timalandira mawu tikafa sitimeranso, ndipo chizindikiro choyamba chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kulira kwa m'makutu kumene kumatsala munthu akachoka kudansi kapena akavula mahedifoni.