Khobwe mu slow cooker

Inu amene mumati slow cooker (poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono) ndi ya nyama yokha, tayesani khobwe, uja woyera wa kadontho kakuda ngati diso. Ine ndiye ndagonja naye.

Ubwino wake safuna kunyikidwa usiku wonse ngati nyemba zina. Mungomusankha bwinobwino, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa yense, kutsuka, n'kuthira m'poto. Madzi angopitirira khobweyo ndi zala ziwiri basi, chifukwa potoyu sataya nthunzi. Mukachulutsa madzi, msuzi wake umangokhala tsalala. Anyezi, adyo ndi mchere zilowe poyambirira pomwe. Mukatchera potoyo pa low (kutentha kochepa) amapsa pakatha maola 6 mpaka 8, pa high (kutentha kokwererapo) 3 kapena 4, koma khobwe amene wakhalitsa amachedwerapo.

Matimati okha ndiwo ndimawadikiritsa mpaka kumapeto. Asidi wa m'matimati amalimbitsa khungu la khobwe, ndiye mukawathira msanga mudikira mpaka njala ikupweteni. Ndipo chonde, kuvundukulavundukula ayi! Kutentha kukathawa, potoyu amachedwa kukubweza.

Akapsa ndimatapako chikho chimodzi, kunyenya ndi supuni, n'kubwezera momwemo. Msuzi umagwirana bwino kwabasi.

Koma nyemba zofiira zija za kidney musazichite chimodzimodzi. Zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zikabwata kwambiri, ndipo slow cooker pa low safika pamenepo. Zinyikeni, zibwate kaye pamoto waukulu kwa mphindi zosachepera 10, kenako muziike m'potomo.