Lachiwiri, tsiku la opareshoni ya Tadala

Tadzuka 4 koloko kukadali mdima. Tadala sanadye chilichonse kuyambira usiku, anangomwa timadzi pang'ono monga anatilangizira. Mu kombi yochokera ku Mufakose, kuno ku Harare, anagona pamiyendo panga uku akuliza mkonono ngati nkhalamba. Mkonono womwewu ndi umene watibweretsa kuchipatala: timinofu ta kukhosi tija amati ma tonsils tinatupa, mwana wa zaka 4 n'kumapumira pakamwa usiku wonse.

Chimene chinandisowetsa tulo sabata yonseyi ndi kadzukidwe kake. Mlongo wake Yamikani atachitidwa opareshoni yomweyi anatsitsimuka akukuwa, akuphiriphitha, mpaka kuzula diripi. Maso anali tong'o koma osandizindikira ine mayi wake. Apongozi anayamba kudzudzula ziwanda mokweza m'wodi momwemo! Patatha mphindi ngati 20 mwana anagonanso, ndipo podzuka anangopempha madzi, osakumbukira kanthu.

Ndiye lero adokotala ogonetsa atangofika ndinawafotokozera zonsezi. Anati zimachitikachitika kwa ana a zaka 2 mpaka 5, makamaka pa opareshoni ya pakhosi kapena m'makutu, komanso akagonetsedwa ndi mpweya wa sevoflurane. Mpweyawu umachoka msanga m'thupi, moti manja ndi miyendo zimadzuka nzeru zisanabwerere. Ululu umawonjezera vutoli, ndipo mwana wolowa ali ndi mantha ndi amene amavuta kwambiri. Anati amupatsa paracetamol ndi mankhwala ena opha ululu akadali m'tulo, kenako dexmedetomidine pang'ono mu diripi kuti adzuke mwapang'onopang'ono. Dzinalo ndinachita kuwapempha kuti andilembere papepala. "Kungoti achedwako kudzuka," anatero. Ndinati, "Achedwe, adokotala, ine sindikuthamangira kulikonse."

Anandilola kulowa naye. Anesi anamuuza m'Chishona kuti apumire mu kamasiki ngati akufufumitsa baluni, ine ndikumuimbira chapansipansi kanyimbo kathu kogonera. Sindinamalize n'komwe, dzanja lake linalefuka. Ndinakalirira panja.

Atandiitana ndinamupeza atagona chammbali, nyali atazichepetsa. Anesi anati ndisamugwedeze, ndingokhala pafupi kuti akatsegula maso aone nkhope yodziwika. Ndinadikira mpaka msana kuwawa. Kenako anaphethira, n'kundiyang'ana bwinobwino, n'kunena ndi mawu osasa, "Amayi, pakhosi." Basi. Apongozi, amene anabwera atakonzekera nkhondo ndi Baibulo m'manja, anangoti, "Kodi zatha?"

Madzulo wanyambita firiziti theka. Atichenjeza kuti kwa masabata awiri tiziyang'anira magazi, ndipo tikaona akumeza malovu pafupipafupi tibwere naye msanga. Aspirin ayi. Bambo ake aimba foni katatu. Panopa ndi 10 koloko, wagona, ine ndili pampando wolimbawu kumuyang'ana pakhosi.