Makamera a maukwati ndi kanema wathu woopsa

Bizinesi yathu ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe mu Blantyre muno. Ndi imene imatidyetsa, ine ndi mng'ono wanga komanso anyamata awiri ogwira kamera. Koma mvula ikafika pachimake, Januwale mpaka Malichi, maukwati amachepa, makamera n'kumangogona m'chikwama. M'nyengo imeneyi ndi mmene tinayamba kujambula kanema wathuwathu, woopsa koma woseketsa, wa chigawenga chozembera anthu ndi chikwanje usiku wa phwando la ukwati.

Tinakulira m'mavidiyo sho a ku Ndirande, ndipo timadziwa mmene anthu akwathu amaonera makanema otere. Sakhala chete. Amakuwa, amakalipira mtsikana wa pa sikirini kuti asatsegule chitseko, akatsegula holo yonse n'kufa ndi phwete. Wes Craven, wopanga makanema wa ku America, anazindikira zomwezi pomwe ankapanga kanema woopsa wa Scream mu 1996, mmene achinyamata a m'nkhaniyo amadziwiratu malamulo a makanema oopsa akale koma n'kugwerabe m'msampha.

Ndalama tinalibe zambiri, choncho tinapita kukaphunzira kwa akale. Mu kanema wa Psycho wa Alfred Hitchcock, wa 1960, muli gawo lomwe mkazi akubayidwa ndi mpeni akusamba, ndipo magazi oyenderera m'bafamo anali chokoleti chamadzimadzi, poti kanemayo ndi wa black and white. Phokoso la mpeni analipanga pobaya chipatso chonga vwende, ndipo thupi likubayidwa silioneka kwenikweni, woonera amangomalizitsa yekha m'mutu. Mu Halloween ya John Carpenter, ya 1978, chigoba cha wakuphayo chinali chogula m'sitolo, cha nkhope ya wosewera m'makanema William Shatner, n'kuchipaka penti woyera. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa anationetsa kuti mantha amapangidwa ndi kudikira, mthunzi ndi phokoso, zinthu zomwe ife tingathe kuzikwanitsa.

N'chifukwa chake gawo limodzi la kanema wathu tinalijambula mu black and white, m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba, pofuna kupereka ulemu kwa Hitchcock. Mavwende tinagula mu msika wa Limbe, n'kuwabaya pafupi ndi maikolofoni. Magazi a m'magawo ena ndi manyuchi osakaniza ndi kala yofiira ya makeke. Amaoneka bwino, kungoti nyerere zimafika msanga, ndiye pamafunika kujambula mwachangu. Zoseketsa zambiri zili kwa ankhoswe awiri omwe amalimbana za ndalama za perekaniperekani pamene alendo akusowa mmodzimmodzi. Mawu awo sitinavutike kulemba, takhala tikuwamva Loweruka lililonse tili kuntchito.

Ena anatiuza kuti chigawengacho chivale chigoba cha Gule Wamkulu, ati chingaopse kwambiri. Tinakana. Gule ndi mwambo wa eni ake, woti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inauzindikira mu 2005, ndipo si woti munthu aunyamulitse chikwanje kuti agulitse matikiti. Chigoba chathu tinaumba ndi manyuzipepala ndi phala la chinangwa.

Tisanaonetse kwa anthu, kanemayo anayenera kudutsa ku Censorship Board, bungwe la boma lounika makanema, ndipo ana sitiwalola kulowa. Timachita lendi holo, timanyamula projekita, zokuzira mawu ndi jenereta, matikiti anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Chomwe timaopa kuposa china chilichonse ndi kukopedwa. Kanema akangolowa pa memory card imodzi, mawa lake ali m'mafoni tauni yonse, wopanga osapeza ngakhale tambala. Pachifukwa chimenechi fayilo imakhala pa laputopu imodzi yokha, ndipo amayenda nayo ndi mng'ono wanga.

Phindu lenileni labwera mwa njira ina. Maanja amene anaonera kanemayo ndi amene akutiitana tsopano kukajambula maukwati awo, ndipo ndalama imeneyo tikuika padera kuti tigule magetsi ojambulira usiku ndi maikolofoni ena awiri mvula ikubwerayi isanayambe.