Amayi a pa bedi lapambali

Ndangochoka kumene ku chipatala kokaona azakhali, lero anali pa kemo yachitatu, mankhwala olimbana ndi khansa. Tsitsi latha lonse koma duku ndiye amangabe ngati akupita ku ukwati. Chawasangalatsa lero si ine ayi, ndi amayi atatu a Mvano amene anabwera ndi phala la mgaiwa mu fulasiki ndi nthochi, anaimba nyimbo chapansipansi kuopa anesi, azakhali mpaka kumaliza kapu yonse pomwe dzulo amakana ngakhale tiyi chifukwa cha mseru.

Koma chandiwawa ndi amayi a pa bedi lapambali. Khansa ya khomo la chiberekero, achokera kutali kumudzi, gadiyani wawo ndi kamtsikana ka Sitandade 7 kamene kasiya sukulu kuti kaziwaphikira panja paja. Abambo akunyumba akuti anasiya kuyankha foni atangomva kuti ndi khansa, achibale ena akuti munthuyu analodzedwa ndiye kuwononga thiransipoti bwanji. Azakhali atawagawira phala lija anangoti zikomo achemwali, misozi chuchuchu.

Ife pa maliro ndiye timathamanga, gulu la WhatsApp latsegulidwa tsiku lomwelo, za bokosi zikungolowa pa Airtel Money. Koma munthu akadali moyo, miyezi 6 akubwerabwera ku kemo, foni yake zii. Mawa ndikuwatengera sopo ndi shuga amayi aja, amene muli ndi chitenje chongokhala m'sutikesi mundiimbire lero lomwe.