Mmene ndinagulira dzina la webusaiti lothera ndi .africa

Ndimasoka zovala za chitenje ku Limbe, ndipo makasitomala anga ambiri ali ku Joni ndi ku Lusaka. Nditaganiza zotsegula webusaiti, ndinalowa pa webusaiti yogulitsa mayina a pa intaneti, ndinalemba dzina la bizinesi yanga n'kuika .com kumapeto. Linali litatengedwa kale, ndipo mwiniwake ankaligulitsa pamtengo woti sindingaufikire.

Pansi pake panabwera mathero ena ambirimbiri: .shop, .store, .online, .africa. Achimwene anandifotokozera kuti zimenezi zinachuluka kuyambira mu 2012, pamene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, linalola makampani ndi mizinda kupempha mathero awoawo. Pempho limodzi ankalipira madola 185,000, koma mapempho anafika 1,930.

Apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Dzina lina linali lotchipa kwambiri, moti ndinaliika kale m'dengu, malo oika zimene ukufuna kugula pa webusaitiyo. Mwamwayi ndinawerenga timalemba tating'ono ta m'munsi: mtengowo unali wa chaka choyamba chokha, wa chaka chachiwiri unali wokwera kangapo. Dzina la pa intaneti simugula kamodzi, mumachita lendi chaka ndi chaka, ndiye musanadine chilichonse onani mtengo wowonjezera nthawi. Ine ndinasankha .africa, lomwe linayamba kugulitsidwa mu 2017, chifukwa munthu wa ku Lusaka ndi wa ku Johannesburg onse amalimva ngati lakwawo.

Kulipira kunavuta. Khadi langa la ku banki linakana kulipira ndalama zakunja, choncho msuweni wanga wa ku Joni ndiye analipira, ine n'kumubwezera. Koma ndinaumirira kuti pa fomu palembedwe dzina langa ndi imelo yanga, osati zake. Amene walembedwa pamenepo ndiye mwini dzinalo, ndipo chibale sichisintha zimenezo. Kenako kunabwera imelo yoti nditsimikizire adiresi yanga. Ukapanda kuyankha pasanathe masiku 15, dzinalo amaliimitsa.

Chimene chinandiwawa chinabwera pambuyo pake. Fomu ina yofunsira malo pa chionetsero cha malonda inakana imelo yanga yatsopano yothera ndi .africa, ati ndi yolakwika. Mapulogalamu ena akale sadziwa mathero atsopanowa, amangoyembekeza .com kapena .mw. Ndinalemba imelo yakale, ndipo mpaka lero ndimasunga zonse ziwiri.

Tsiku lowonjezera lendi ndinalilemba pakhoma, pamwamba pa makina osokera.